Tiya Akukakhala Kumudzi

Bolton, 5 Meyi 2014

Alongo anga aNkhoma,

Ndine mlongo wanu Fanny. Muli bwanji pamodzi ndi mbumba yonse kwa Kalilombe? Ine ndili bwino, kungoti mawondo anga sakumvana ndi masitepe a nyumba za kuno. Kalata iyi muiwerenge pamaso pa onse, ndipo muyambe ndi mayina, chifukwa ena kumeneko aiwala kuti ndinabereka ndani.

Woyamba Lawrence. Ali ku Sheffield, ndi wamkulu wa zamankhwala pachipatala. Dokotala akalemba mankhwala, iye ndiye amaona ngati walemba bwino. Wachiwiri Daphne, amene ndikukhala kwake kuno ku Bolton. Ndi nesi, ndipo manesi achizungu amafunsa iye chochita. Wachitatu Thompson, ali ku Leeds, amajambula misewu ndi milatho. Milathoyo sindinaione, koma akuti ilipo. Wachinayi Tiya, mzime wanga. Waphunzira ku yunivesite ya Leeds mpaka makalasi anamuthera. Tsopano ndi Dokotala, osati wa jakisoni, koma wa zaulimi ndi chuma. Onse anayiwa anatuluka m'munda wa kuseri kwa phiri ndi m'dimba la kumtsinje, mayi wawo nditalekeza Sitandade 2.

Akundilembera ndi akamwini anga aMcDonald, amuna ake a Daphne. Ndi munthu woleredwa. Ngakhale kuno ku Mangalande sakhala nane m'chipinda chimodzi. Ine ndili pabalaza, iwo akhala pamasitepe, chitseko tatsegula pang'ono kuti mawu azidutsa. Amalemba zimene ndanena, sawonjezera, sachotsera, sanditsutsa.

Tsopano nkhani. Tiya wapeza mwamuna. Dzina lake Remi, wa ku France, anakumana kusukulu. Ndinamuona kawiri. Ndi wamtali, amadya chilichonse, ndipo manja ake ndi okhakhala ngati a munthu wodziwa mpini. Pano onse awiri ali ku France kukacheza kwa bambo ake a mnyamatayo. Sabata yatha Tiya wanditumizira kalata, popeza pafoni sindimva bwino. Akamwini andiwerengera katatu, moti ndaloweza. Akuti: "Amayi, ine ndi Remi tagwirizana kuti tikakwatirana sitikhala m'tauni. Tikukakhala kumudzi, tikalime. Munda ulipo, ukungosowa munthu. Ndikudziwa kuti mudabwa."

Ndinadabwadi. Masiku awiri sindinadye bwino. Ndinati zaka zonsezi ndinkasenza mbatatesi kupita nazo kumsika wa pa Chimbiya kuti mwana asadzagwire khasu, lero Dokotala akulifuna yekha. Koma tsiku lachitatu ndinadzifunsa kuti munda umene ukusowa munthuwo ndi uti. Ndi wanga. Ndipo kwathu mwamuna amatsata mkazi. Ndiye kuti mzunguyu wafunsa mwambo, waumva, akubwera chikamwini. Tandiuzani, m'Mayani monse ndani anaona zotere?

Choncho muuze Kondie, mwana wamkazi wa malemu mng'ono wanga, kuti akamaliza kukolola achokemo m'munda ndi m'dimba. Walima zaka zisanu ndi zinayi, ndathokoza, koma ndinamubwereka, sindinamupatse. Mwini wake akubwera.

Mundiyankhe msanga, mundiuze mmene anthu aimvera.

Ine mlongo wanu,
Fanny aNankhoma

Atsibweni, ndine McDonald wolemba. Ndalemba monga anenera amayi. Ndingopereka moni, ndi kunena kuti midzi ilipo yambiri pa dziko lapansi.

*

Kwa Kalilombe, Mayani, 27 Meyi 2014

Alongo anga aNankhoma,

Moni kwa inu, kwa ana ndi adzukulu. Kuno tili bwino, chisanu chayamba. Jekete munandilonjeza lija lidakali m'maganizo mwanga.

Kalata yanu yawerengedwa kawiri, pakhomo ndi kumpingo titaweruka. Mayina ndinayamba nawo monga munalamula. Pa Thompson wina anafunsa ngati sangajambuleko kamlatho ka pamtsinje wathu, koma ndinapitiriza kuwerenga.

Nkhani ya mkamwini yagwedeza mudzi. Mafunso ndi awa. Kodi amadya mbewa? Kodi tizimuyankhula Chingerezi, kapena Chifalansa ndi china? Kodi pamaliro adzakumba nawo manda monga akamwini anzake, kapena tidzamupatse ntchito yolemba mayina? AYusufu a golosale akufunsa kuti aode chiyani. Ine ndawauza kuti mkamwini ndi mkamwini, adzadya zimene tikudya.

Kondie ndinamuuza ndekha. Ndinamupeza akuthirira kabichi kudimba. Anamvetsera, anatsitsa kheni, n'kunena kuti, "Chabwino, atsibweni. Kabichiyu ndizule, kapena ndidikire akhwime?" Ndinati adikire. Anatola kheni n'kupitiriza kuthirira. Koma ndikuuzeni, poti mwakhalitsa osauona, munda uja si umene munausiya. Kondie wauthira manyowa chaka ndi chaka, wamanga mizere ya miyala kumtunda kumene madzi ankakokolola, wabzala mapeyala asanu ndi awiri m'malire. Ana ake atatu amadya ndi kuphunzira kuchokera momwemo. Sindikutsutsa, ndikungofotokoza. Munda ndi wanu, ndipo Tiya ndi mwana wanu wamkazi.

Akamwini anu aMcDonald anena zoona kuti midzi ilipo yambiri. N'chifukwa chake tanyadira kuti pa midzi yonseyo mzungu wasankha wathu. Muwathokoze chifukwa cha mawu olimbikitsa.

Tiuzeni kuti afika liti, ndipo adzagona kuti. Nyumba yanu ikudontha kuchipinda.

Ine mlongo wanu,
Rowland

*

Bolton, 16 Juni 2014

Alongo anga aNkhoma,

Moni nonse. Kalata yanu yafika. Za manda muwauze kuti adzakumba. Sitilera mkamwini wa m'manja moyera.

Nyumba yanga isiyeni, mumange yatsopano pamtunda pafupi ndi mkuyu, zipinda zitatu, mazenera aakulu chifukwa azungu amakonda kuona kunja. Za malata ndauza Lawrence kuti ndikufuna kukonza pakhomo, ndipo sanafunse zambiri. Ana a kuno safunsa. Daphne ndikayamba nkhani ya Tiya amangoti, "Amayi ndachedwa kushifiti, Tiya akuuzani yekha," n'kutuluka. Ndikuona ngati ndi kansanje, poti munda ukupita kwa mng'ono wake.

Lamulungu ndinayankhula ndi Tiya pafoni. Akuti kumene ali, kuti foni igwire amayenera kukwera kuseri kwa khola. Ndinati azolowere, ndi mmene zizikhalira. Anaseka, n'kuti, "Eya amayi, ndayamba kale kuzolowera."

Ndinamufunsa kuti, "Mwamunayo moyo wa kumudzi adzaupirira?"

Anati, "Amayi, iye ndiye akuumirira kuposa ine."

Ndinati, "Nanga bambo ake akuti chiyani?"

Anati, "Titawauza analira ndi chimwemwe."

Alongo, azungu ena alibe chisoni ndi ana awo. Mwana akupita kutali chotere, iwe n'kumasangalala.

Ndinafunsanso kuti adzalima chiyani. Mawu ankadukaduka, koma ndinamva mbuzi makumi asanu ndi limodzi, ndipo akuti azidzazikama. Musaseke, ndi zimene anaphunzira. Ndiye pambali pa nyumba musiye malo a khola lalikulu. Ndisanafunse za tsiku foni inaduka.

Za Kondie ndamva. Mapeyala ndi miyala sindinamutume, koma wachita bwino, Dokotala apeza poyambira.

Ine mlongo wanu,
Fanny aNankhoma

Atsibweni, ndine McDonald. Ngati n'kotheka, njerwa zisawotchedwe msanga.

*

Kwa Kalilombe, Mayani, 10 Julaye 2014

Alongo anga aNankhoma,

Moni. Tili bwino, kupatula msana wanga umene wapita ndi njerwa.

Langizo la akamwini anu tinalitsata. Njerwa tinazisiya masiku khumi kuti ziume bwino tisanawotche, ndipo zapsa mokongola, zosweka n'zochepa. Munthuyo ntchito ya zomanga amaidziwa. Khoma lafika pamazenera. Anthu ayamba kale kutchula pamtunda paja kuti ku France. Mbuzi ikasowa amati kaioneni ku France. Ana akachedwa kusukulu amati tinadzera ku France.

Madzi onse oumbira njerwa anatunga ndi Kondie ndi ana ake. Ndinamuuza kuti sakukakamizidwa. Anati, "Tiya ndi mchemwali wanga, nyumba yake sindingaionere patali."

Wapeza malo. Pali esiteti ya fodya ku Kasungu imene ikufuna matenanti, ndipo lole yake idzabwera kudzatenga anthu kumayambiriro kwa Okutobala. Walembetsa. Mwana wamkulu, amene ali mu Sitandade 8, akuti ayamba wapuma kaye sukulu chifukwa kuesiteti manja amawerengedwa. Kondie sanadandaule. Wangopempha kuti peyala limodzi la pangodya, limene anabzala tsiku lomwe anaika mayi ake, likamabereka azimusungirako awiri.

Ndayankhula ndi abusa za ukwati. Akufunsa ngati mkamwiniyo anabatizidwa.

Tsiku, alongo. Tipatseni tsiku.

Ine mlongo wanu,
Rowland

*

Lauzeral, France, 20 Julaye 2014

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji? Mawondo akuti bwanji? Moni kwa achemwali, alamu ndi ana. Pepani kuti ndakhalitsa osalemba. Kuno ntchito imayamba kusanache.

Choyamba ndithokoze. Ndinkaopa kuti mukwiya, koma pafoni paja munandifunsa mafunso a munthu amene walola. Remi ndinamuuza kuti amayi anga ndi a mtima waukulu. Tsopano ndikufotokozereni mudzi umene tikukakhalawu, kuti mukamandiganizira muzidziwa pondiika.

Lauzeral ili kumwera kwa France, m'mapiri a dera lotchedwa Ardèche. Sitima siifika. Mukatsika sitima mumayenda pagalimoto maola awiri, msewu wokhotakhota ngati wa ku Golomoti. Mudzi unakhala pamsana pa phiri, mtsinje uli pansi. Malo athyathyathya kulibe, choncho makolo awo anamanga timinda tamasitepe ndi miyala, kuyambira kumtsinje mpaka pamwamba. Dothi lina ankalisenza pamsana kuchokera pansi.

Zaka zana ndi makumi asanu zapitazo kunali anthu mazana asanu ndi atatu. Ankaweta mbozi zopanga ulusi wa silika, ndipo chakudya chawo chinali shatenye, mtedza waukulu wa mumtengo wokhala m'chikhokho cha minga. Ankausinja n'kupanga ufa. Kenako mbozi zinadwala, mitengo inadwala, nkhondo ya 1914 inatenga anyamata. Otsala anayamba kupita kumatauni. Lero kuli anthu zana limodzi ndi makumi atatu, ambiri okalamba. Sukulu inatsekedwa. Golosale kulibe, galimoto ya buledi imabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Wansembe amabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Nyumba zina anagula anthu a ku Holland, amatsegula mu Ogasiti n'kutsekanso.

Alimi enieni atsala mabanja anayi. Bambo ake a Remi, aFernand, ali ndi zaka 79, ndipo akhala akuweta mbuzi okha chimwalirire mkazi wawo. Timakama m'mawa ndi madzulo, mkakawo timapanga tchizi tating'ono tozungulira, Loweruka timakagulitsa kumsika wa ku Aubenas. Mu Okutobala timatola shatenye. Boma limathandizako alimi a m'mapiri, ngati makuponi akwathu, kungoti mafomu ake ndi ambiri, moti udokotala wanga wapeza ntchito. Adani athu ndi nguluwe. Dzulo zafukula mbatatesi mzere wonse.

Remi akanapanda kubwerera, aFernand akanagulitsa mbuzi chaka chino. N'chifukwa chake analira.

Amayi, bwerani mudzaone musanabwerere ku Malawi. Achimwene aLawrence akuti athamanga ndi mapepala. Ndipo mukawalembera atsibweni muwauze kuti ndikufuna chinkhoswe chikachitikire kwathu. Moni kwa Kondie. Ndimamukumbukira ndikamakonza mizere ya miyala, chifukwa ndinamva kuti iye ndi katswiri.

Mwana wanu,
Tiya

*

Bolton, 1 Ogasiti 2014

Atsibweni,

Ndine McDonald. Kalata iyi sanditume munthu, ndipo ndi koyamba kuchita chinthu chimene amayi aletsa. Muli bwanji? Ndikupemphani muiwerenge muli nokha.

Tiya sakubwera kwa Kalilombe. Mudzi umene ankanena ndi wa mwamuna wake, ku France kwenikweni. Akupita chitengwa. Ine ndinkadziwa kuyambira mu Meyi, Daphne anandiuza. Tinagwirizana kuti awauze ndi iye, iye anati awauze ndi Tiya, Tiya ankaganiza kuti amva kale. Ine ndinatsala pamasitepe ndi cholembera. Munthu amene sindinakhalepo naye mpando umodzi, ndikanayamba bwanji kumuuza kuti amayi mwamva molakwa? Ndinayesa kukuuzani inu m'munsi mwa makalata. Ndikuona kuti ndinachita mwaulemu kwambiri.

Lachitatu ndinawawerengera kalata ya Tiya. Nditafika pa sitima ndi mapiri anati, "Bwerezani." Ndinabwereza. Nditamaliza ndinamva akudzuka, kenako chitseko chinatseguka chonse. Chibwerere kuno ndi koyamba kundiyang'ana kumaso.

Anati, "AMcDonald, mumadziwa?"

Ndinati, "Ndimaganizirako, amayi."

"Mumaganizirako kapena mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Ndiye pamene ndimati mazenera aakulu, inu mumalemba mazenera aakulu?"

"Munandiyamikira nokha kuti sindiwonjezera, sindichotsera."

Anati, "Ulemu wanu wamanga nyumba ya zipinda zitatu."

Daphne atabwerako kuntchito amayi anamupatsa zake, zimene sindingalembe. Kenako anati, "Ndiye kuti mwana wanga wadutsa nyanja, wamaliza mabuku onse, kuti akakame mbuzi za nkhalamba ya eni ake, munda wa mayi ake uli apo?" Anatilamula kuti tisakulembereni kanthu mpaka akaone okha mudziwo. Akuti akufuna akaone chimene uli nacho choposa Kalilombe, ndipo akamutenga mwana wawo pamanja.

Sindikudziwa kuti zitha bwanji. Pempho langa ndi limodzi, ndipo ulendo uno ndinena mosazungulira. Kondie asagulitse mbewu yake, ndipo mwana asasiye sukulu. Lole ya ku Kasungu ikabwera msanga, muichedwetse.

Za nyumba ndilibe langizo. Sindidziwa chilichonse cha njerwa.

Mkamwini wanu,
McDonald

*

Bolton, 22 Seputembala 2014

Alongo anga aNkhoma,

Ndine Fanny. Moni kwa nonse. Iyinso muiwerenge pamaso pa onse, kumpingo komwe, pamalo omwe munawerengera yoyamba ija.

Akulemba ndi aMcDonald, koma tsopano akhala patebulo pano, moyang'anana nane. Popeza kunditsutsa ndi pakamwa akuti sangathe, tagwirizana kuti ndikanena chosakhala bwino azitsokomola. Andiuzanso kuti anakulemberani mobisa. Ndawakhululukira, chifukwa pa makalata onse amene alemba, imeneyo yokha ndiyo inali ndi nzeru zawo.

Ine kuyambira pachiyambi ndinkakayika ndithu za nkhaniyi. Atsokomola. Chabwino, sindinkakayika. Ndinamva kumudzi, ndipo kwa ine mudzi ndi umodzi.

Ku France ndapita, ndakhala masiku asanu. Alongo, ndinkaganiza kuti France yense ndi magetsi. Kumene kuli Tiya ndi kumudzi kuposa kwathu. Ife tili ndi aYusufu, iwo buledi amadikira galimoto. Ife sukulu yadzaza mpaka pansi pa mtengo, iwo m'sukulu akusungiramo mipando. Tchalitchi chachikulu chamiyala, koma Lamulungu tinalimo anthu asanu ndi anayi, ndipo wamng'ono pa onse anali Tiya. Masiku asanu sindinamve mwana akulira. Tchizi chawo ndinalawa. N'chokoma. Atsokomola. Chimanunkha mbuzi, koma anthu amachiimira pamzere kumsika.

Ndinapita kukatenga mwana wanga, ndipo mawu ndinakonza m'ndege. Tsiku lachiwiri bambo aja aFernand anandikodola kuti tiyende. Iwo Chichewa sadziwa, ine Chifalansa sindidziwa, Tiya anafuna kutiperekeza koma anamubweza ndi ndodo. Tinayenda awiri, mawondo anayi onse oipa.

Anayamba kundionetsa mwala wautali pakati pa mudzi, wolembedwa mayina a anyamata amene anafa kunkhondo. Analoza atatu, n'kudzigunda pachifuwa. Kenako tinakwera kuminda. Amaloza kamunda, n'kutchula dzina la mwini wake, n'kukupiza dzanja kuloza kutali. Kena, dzina, dzanja kutali. Kena, chimodzimodzi. Timinda tonseto ndi thengo tsopano. Makoma a miyala amene anthu anamanga ndi misana yawo akugwa, mitengo yamera pakati, nguluwe zikugonamo. Phiri lonse, kuyambira kumtsinje mpaka pamwamba, polimidwa ndi pawo pokha ndi pena patatu.

Titakhala pamwala anatulutsa zithunzi m'thumba, n'kuyamba kuwerenga zala. Chala choyamba, Paris. Chachiwiri, Lyon. Chachitatu, Canada. Pa chala chilichonse amatukula chibwano, ndipo ngakhale sindinamve mawu, ndinadziwa kuti akunena kuti uyu ndi wamkulu wa zakuti, uyu anzake amafunsa iye. Kawerengedwe kameneko ndimakadziwa. Nanenso ndinatulutsa zala zanga: Sheffield, Bolton, Leeds. Tinayang'anana, nkhalamba ziwiri zolemera mayina. Kenako anagwira chala chachinayi, anati Remi, n'kuloza pansi pamene tinakhala. Ine chala changa chachinayi ndinachigwira, koma pansi poti ndiloze panali pomwepo, pawo.

Pamwala pamenepo ndinawerenga bwino. Bamboyu akanapanda Remi, munda wake ukanadyedwa ndi thengo, chifukwa alibe wina. Ine munda wanga sunagonepo chaka n'chimodzi chomwe. Ndinkati ukusowa munthu, munthu ali momwemo akuthira manyowa. Fernand alibe Kondie. Ine ndili naye, ndipo ndimamutumiza ku Kasungu.

Mawu amene ndinakonza m'ndege sindinawanene. Tiya ndinangomuuza kuti akamalemba Chichewa azitchula dzina la mudzi. Ndinamuonanso akukama. Amatha. Mizere yake ya miyala ndiye yokhota, afunika kudzaphunzira kwa mchemwali wake.

Tsono mverani. Munda wa kuseri kwa phiri, dimba, ndi mapeyala onse asanu ndi awiri ndi za Kondie. Sindikumubwereka, ndamupatsa, ndipo ndidzanena ndekha pamaso pa mbumba. Dzina lake alifufute kuesiteti, mwana abwerere m'kalasi. Mumuuze kuti ndinalakwa. Apa sanatsokomole.

Nyumba muimalize, mufolere. Ndidzakhalamo ine ndikabwera mwezi wamawa, poti yanga ikudontha. Dzina lake musasinthe. Wofunsa kuti aNankhoma ali kuti, muzimuuza zoona, kuti ali ku France, iwo ndi mwana wawo yemwe. Jekete lanu lili m'chikwama.

Powerenga mayina a ana anga muyambe monga kale: Lawrence wa mankhwala, Daphne nesi, Thompson wa milatho, amene ndamuuza za kamlatho kathu. Tiya munene kuti ndi Dokotala, amakama mbuzi ku Lauzeral. Ndipo muwonjezere wachisanu, Kondie, amene sanapite kulikonse.

Chinkhoswe cha Tiya chidzachitikira kwathu. Remi akubwera ndi bambo ake, ndipo mudzawaonetse mizere ya Kondie, chifukwa ndi anthu oti adzaimvetsa. Lawrence anafuna Disembala chifukwa cha tchuthi, Daphne anati aone kaye mashifiti. Ndawauza kuti ulendo uno tsiku salipanga a m'maofesi. Ndafunsa alimi awiri. Tiya akuti shatenye amamaliza kutola kumayambiriro kwa Novembala, ndipo Kondie adzafuna kubzala mvula ikangogwa. Pakati pamenepo pali mpata waung'ono.

Choncho tonse tidzakumana kwa Kalilombe, pamtunda pa ku France, Loweruka pa 15 Novembala 2014.

Ine mlongo wanu,
Fanny aNankhoma